Manja a namwino wamawa ndi khansa ya m'mawere

Mayi wa kuno ku Malawi akamva kachotupa m'bere, wachipatala woyamba kumuuza nkhaniyo kawirikawiri sakhala dokotala wa khansa, ngakhalenso dokotala wamba. Amakhala namwino kapena mzamba wa pa chipatala chaching'ono, yemwe uja amayeza amayi oyembekezera m'mawa, kupereka mankhwala olerera masana, usiku n'kuchezera m'chipinda chochirira. Zimene namwinoyo angachite pa mphindi zochepa zimene ali ndi mayiyo, kaya amugoneka n'kumupima modekha, kaya amupatsa panado n'kumuuza kuti adzabwerenso chotupacho chikakula, ndizo zimalamula kwambiri ngati mayiyo adzafike ku chipatala chachikulu matenda akadali ochizika. Luso limenelo, kapena kusowa kwake, limayambira ku sukulu ya unamwino, ndipo n'chifukwa chake funso la zimene ophunzira unamwino amadziwa ndi zimene amatha kuchita pa khansa ya m'mawere lili lolemera kuposa momwe limamvekera.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo anthu pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Chodetsa nkhawa kwa ife ndi kusiyana kwa mwayi wopulumuka. M'mayiko olemera, mwa amayi 100 alionse opezeka ndi matendawa, oposa 90 amakhala akadali moyo pakatha zaka 5, pamene ku South Africa chiwerengero chimene bungwelo linapereka ndi amayi 40 okha. Kafukufuku wina wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, yemwe anatsatira odwala ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi kwa anansi athu ku Zambia, anapeza kuti pakutha pa zaka 3 pafupifupi theka la amayiwo anali atamwalira. Zifukwa zikuluzikulu zinali ziwiri: kufika kuchipatala matenda atakula kale, ndi kusalandira chithandizo chonse chofunika.

Kwathu kuno khansa imene ikusautsa amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene matendawa afala kwambiri pa dziko lonse. Mpake kuti ndalama, maphunziro ndi mauthenga a pa wailesi zapita kwambiri kumeneko. Anamwino ambiri anaphunzitsidwa kuunika khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga, ndipo kuyambira mu 2019 atsikana a zaka 9 anayamba kulandira m'dziko lonse katemera wa HPV, kachirombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi. Khansa ya m'mawere, ngakhale ili m'gulu la khansa zopezeka kwambiri mwa amayi a kuno, yakhala ikutsalira m'mbuyo, ndipo wophunzira unamwino amakulira m'zipatala zimene aliyense amadziwa tsiku lounika chiberekero koma palibe amene anganene tsiku lopima mawere.

Mawu oti "kupewa" amasokoneza pang'ono pa nkhaniyi, ndipo wophunzira amene sanawamvetse adzasocheretsa amayi ambiri. Khansa ya khomo la chiberekero ili ndi kachirombo kodziwika kamene kamaiyambitsa, ili ndi katemera, ndipo imayamba ndi timabala timene tingaonedwe ndi kuwotchedwa tisanasanduke khansa. Ya m'mawere ilibe katemera, ilibenso kachirombo koti munthu akapewe. A WHO akuti pafupifupi theka la amayi opezeka nayo sakhala ndi chilichonse chodziwika chowaika pachiopsezo kupatula kuti ndi akazi ndipo apitirira zaka 40. Choncho kupewa kumene namwino angathandize kuli pawiri. Pali kuchepetsa chiopsezo, kumene kumathandiza pang'ono chabe, ndipo pali kupewa imfa popeza matenda msanga, kumene ndiko kuli mphamvu yeniyeni. Wophunzira amene auza amayi pa sikelo kuti akamadzipima mawere sadzadwala khansa wanena bodza, ngakhale wanena ndi mtima wabwino, chifukwa kudzipima sikuletsa chotupa kumera.

Za chiopsezo, zimene wophunzira ayenera kudziwa si zambiri. Chiopsezo chimakwera munthu akamakula, akanenepa kwambiri makamaka atasiya kusamba, akamamwa mowa, akamasuta fodya, komanso ngati sagwiritsa ntchito thupi lake. Chimakweranso mwa mayi amene anatha msinkhu ali wamng'ono kwambiri, amene wachedwa kusiya kusamba, amene sanaberekepo kapena anabereka mwana woyamba atakula, ndi amene mayi ake, mchemwali wake kapena mwana wake anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira. M'mabanja ena muli chibadwa cholakwika chotchedwa BRCA1 kapena BRCA2 chimene chimayenda kuchokera kwa makolo, ndipo chimatha kudzera kwa bambo ngati momwe chimadzera kwa mayi, mfundo imene namwino wa m'dera lotsata mtundu wa kuchikazi angaiwale n'kungofunsa za achibale a kwa mayi okha. Kuyamwitsa kumateteza ndithu. Akatswiri atasonkhanitsa zofufuza za m'mayiko 30 mu 2002 anapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 4 pa 100, ndipo kubereka kulikonse kumachepetsa ndi pafupifupi 7 pa 100.

Apa pali msampha umene mabuku olembedwa kunja satchula. Mayi wa kumudzi kwathu, amene anabereka ali wamng'ono, ali ndi ana asanu, anayamwitsa aliyense mpaka zaka ziwiri, samwa mowa ndipo amalima tsiku lonse, akaikidwa pa mndandanda wa m'buku amaoneka ngati alibe chiopsezo. Wophunzira amene waloweza mndandandawo pamtima akhoza kumva chotupa m'bere la mayi wotere n'kudziuza kuti sichingakhale khansa. Chimodzimodzinso pa msinkhu: mabuku ambiri amati matendawa ndi a amayi opitirira zaka 50, koma popeza anthu ambiri a kuno ndi achinyamata, odwala ochuluka amene amafika m'zipatala zathu ali m'zaka za m'ma 30 ndi 40, ena akuyamwitsa kumene. Mndandanda wa ziopsezo ndi wothandiza pophunzitsa gulu la anthu, koma sungagamule za chotupa chimene chili m'manja mwa namwino.

Anamwino a kuno amaphunzira m'njira zingapo. Kamuzu College of Nursing, imene inakhazikitsidwa mu 1979, inaphatikizidwa ndi College of Medicine mu 2021 n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kumeneko komanso ku Mzuzu University ophunzira amatenga digiri pakatha zaka 4. Koma anamwino ochuluka amene amagwira ntchito m'zipatala za kumidzi ndi a maphunziro a zaka 3 ophatikiza unamwino ndi uzamba, amene amachokera ku Malawi College of Health Sciences ndi m'sukulu za mipingo zimene zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, Nguludi, Malosa, Phalombe ndi Muona. Onsewa asanayambe ntchito amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene limapereka chilolezo ndi kuvomereza zophunzitsidwa. Kunena zoona, amene akufuna kudziwa tsogolo la mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ayang'ane kwambiri zimene akuphunzira a zaka 3 aja, chifukwa ndi iwo amene adzakhale okha pa chipatala chopanda dokotala.

Ofufuza m'mayiko osiyanasiyana akhala akuyesa nzeru za ophunzira unamwino pa khansa ya m'mawere, ndipo njira yawo kawirikawiri imakhala yopatsa ophunzira pepala la mafunso: tchulani zizindikiro, tchulani ziopsezo, kodi mumadzipima kangati. Chimene chimaonekera mobwerezabwereza n'chakuti odziwa za kudzipima amachuluka kuposa amene amadzipima iwo eni mwezi ndi mwezi, ndipo a chaka chomaliza amayankha bwino kuposa a chaka choyamba. Zimenezi n'zoona koma sizitifikitsa patali. Pepala limayesa zimene zili m'mutu, pamene chotupa chimapezeka ndi zala. Wophunzira akhoza kukhoza mafunso onse chikhalirecho sanagwirepo chotupa cha kukula ngati nsawawa chobisika m'kati mwa bere lalikulu, ndipo akafunsidwa ngati amatha kupima adzavomera ndi mtima wonse, chifukwa sakudziwa zimene zala zake zimaphonya. Ine ndikuona kuti kafukufuku amene angatithandize ndi woimirira pambali n'kuona wophunzirayo akupima, kuwerenga mphindi zimene watenga ndi mbali za bere zimene wasiya.

Kupima bwino kuli ndi dongosolo lake, ndipo ndi bwino kulifotokoza kuti zioneke chifukwa chake silingaphunziridwe pa bolodi. Namwino amayamba ndi kufunsa: chotupacho munachimva liti, chikukula kapena ayi, chimasintha ndi nthawi yosamba, kunsonga kukutuluka chiyani, kodi mukuyamwitsa, alipo wa m'banja mwanu amene anadwalapo zotere. Kenako mayi amakhala tsonga atavula kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, pamalo owala komanso obisika, ndipo namwino amayang'ana mawere onse awiri mayiyo atatsitsa manja, atawakweza pamwamba pa mutu, ndiponso atagwira m'chiuno molimbika kuti minofu ya pachifuwa ikungike. Kusintha kwa kaimidwe kumeneku kumaonetsa zimene zimabisala munthu akangokhala phee: khungu lolowa m'kati ngati pali chikulikoka, nsonga ya bere imene yabwerera m'kati posachedwa kapena yapenya kumbali, bere limene lakula kapena kukwera kuposa linzake, khungu lokhakhala lokhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, ndi zilonda kapena nkhanambo za pansonga zosamva mankhwala.

Pambuyo pake mayi amagona chagada, dzanja la mbali yopimidwayo ataliika kuseri kwa mutu kuti bere liyalike pachifuwa. Namwino amagwiritsa ntchito kunsi kwa zala zitatu zapakati, kumene munthu amadinda pa chiphaso, osati nsonga zenizeni za zala, ndipo safinya bere pakati pa chala chachikulu ndi zinazo, chifukwa kutero kumachititsa mnofu wabwinobwino kumveka ngati chotupa. Pamalo alionse amazunguliza zala katatu, poyamba mopepuka kuti amve zapafupi ndi khungu, kenako mokanikiza pang'ono, pomaliza mozama mpaka amve nthiti. Amayenda motsata mizere, kutsika ndi kukwera ngati munthu wopalira munda mzere ndi mzere, kuyambira pa fupa la pansi pa khosi kufika pansi pa bere, ndiponso kuchoka pakati pa chifuwa kufika kukhwapa. Mbali ya bere ya kumtunda yoyandikana ndi kukhwapa ndi imene imakhala ndi mnofu wambiri wa bere, ndipo khansa zambiri zimayambira kumeneko, komabe ndi imene munthu wothamanga amaidumpha. Pomaliza amafufuza mwanabere kukhwapa ndi pamwamba pa fupa la pansi pa khosi. Zonsezi zikachitika moyenera zimatenga mphindi zingapo pa bere lililonse, ndipo pa chipatala chimene panja pali mzere wa anthu 80, mphindi zimenezo ndizo zimayamba kudulidwa.

Nanga n'chifukwa chiyani wophunzira angamalize sukulu luso limeneli lisanakhazikike m'manja mwake? Choyamba, nthawi ya maphunziro imadyedwa ndi zimene zimapha anthu msanga: uchembere, matenda a ana, malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo palibe angatsutse kufunika kwa zimenezo. Kupima mawere kumene wophunzira uzamba amazolowera ndi kwa pa sikelo ya amayi oyembekezera, kumene cholinga chake chachikulu ndi kuona ngati mayi adzatha kuyamwitsa. Chachiwiri n'chobisika koma chachikulu. Wophunzira akapita kukagwira ntchito m'mawodi a Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, khansa ya m'mawere imene amakumana nayo kwambiri ndi yomwe yafika kale patali: bere lotupa, chilonda chonunkha, dzanja lolemera ndi madzi. Chithunzi chimenecho chimakhala m'mutu mwake ngati ndiyo khansa, moti akadzamva kachotupa kolimba, kosapweteka, m'bere looneka bwinobwino la mayi wathanzi, sadzakaganizira. Chikhalirecho khansa yoyamba kumene nthawi zambiri siwawa, ndipo kusawawako ndi kumene kumachedwetsa mayi ndi namwino yemwe.

Palinso manyazi, amene sitiyenera kuwachepetsa. M'midzi yathu mayi amayamwitsa poyera popanda wodabwa, koma kuti mtsikana wa zaka 20 apemphe mayi wa msinkhu wa agogo ake kuvula ndi kumugwira mawere ndi nkhani ina, ndipo kwa wophunzira wamwamuna n'kovuta koposa. Amuna ophunzira unamwino ndi uzamba achuluka masiku ano, ndipo ambiri adzatumizidwa ku zipatala kumene sikudzakhala wamkazi woti amusiyire ntchitoyo. Wophunzira wotere ayenera kuphunzitsidwa mawu opemphera chilolezo, monga kunena kuti, "Amayi, kuti ndikuthandizeni bwino ndiyenera kuona ndi kugwira mawere onse awiri, kodi mundilola, ndipo mungakonde kuti munthu wina wamkazi akhale nafe muno?" Ayenera kuzolowera kufunditsa chitenje mbali imene sakupima. Zimenezi zikapanda kuyeserera kusukulu, pa mawere opanga okhala ndi timibulu m'kati ndiponso pamaso pa mphunzitsi, namwinoyo adzangopima pamwamba pa bulauzi kuti zithe msanga.

Pa nkhani ya kudzipima wekha pali zimene wophunzira ayenera kuuzidwa mosabisa, chifukwa mauthenga a mwezi wa Okutobala, umene anthu amavala zapinki pokumbukira matendawa, amatsindika kwambiri pamenepo. Ku Shanghai m'dziko la China anachita kafukufuku wa amayi oposa 266,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Theka lawo anaphunzitsidwa mwakhama kudzipima, theka linalo ayi. Zotsatira zitatuluka mu 2002, imfa za khansa ya m'mawere zinali zofanana m'magulu onse awiri, koma ophunzitsidwa aja anadulidwa zotupa zambiri zimene zinapezeka kuti sizinali khansa. Chifukwa cha zimenezi ndi zofanana nazo za ku Russia, akatswiri ambiri anasiya kulimbikira ndondomeko yokhwima ya mwezi ndi mwezi, n'kuyamba kunena kuti mayi adziwe mawere ake momwe amakhalira masiku onse ndipo apite kuchipatala akangoona kusintha. Sindikuona kuti zimenezi zikutanthauza kuti tisiye kuphunzitsa amayi athu kudzigwira. Kuno pafupifupi chotupa chilichonse chimayamba kupezedwa ndi mwini wake, ndipo vuto lathu ndi zotupa zimene zamvedwa kale kwa miyezi kapena zaka popanda kuchitapo kanthu. Chofunika kusintha ndi pothera pa phunzirolo: lisathere pa kasunthidwe ka zala, lithere pa kumene mayi apite ndi tsiku loti apite.

Kupimidwa ndi wachipatala wophunzitsidwa kuli ndi umboni wabwinoko. Ku Mumbai m'dziko la India, achipatala cha Tata Memorial anatsatira amayi oposa 150,000 a zaka 35 mpaka 64 kwa zaka 20. Gulu lina linkapimidwa mawere zaka ziwiri zilizonse ndi amayi ogwira ntchito za umoyo amene sanali madokotala. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti m'gulu lopimidwalo khansa inkapezeka isanakule, ndipo mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinachepa ndi pafupifupi 30 pa 100. Ku Lilongwe nakonso, ofufuza a UNC Project, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo logwirizana ndi yunivesite ya North Carolina ya ku America, anaphunzitsa amayi wamba ochepa kupima mawere m'zipatala za mumzindawo, ndipo anapima amayi pafupifupi 1,000 amene anabwera kudzalandira thandizo lina. Ngati mayi amene sanapite ku sukulu ya unamwino angaphunzire luso limeneli m'masabata ochepa, palibe chifukwa choti namwino wa zaka 3 kapena 4 za maphunziro atuluke alibe. Makina ojambula mawere a mammogram, amene mayiko olemera amaunikira nawo amayi onse a msinkhu wakuti zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, kuno alipo owerengeka ndipo ambiri ali m'tauni, kotero kuti kwa mayi wa kumudzi chida chimene chilipo ndi manja a namwino.

Kupeza chotupa ndi chiyambi chabe, chifukwa zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Mtsikana wa zaka 18 kapena 25 amene ali ndi kachotupa kosalala, kozungulira, kothawathawa pansi pa chala, kawirikawiri amakhala ndi chotupa chosaopsa chotchedwa fibroadenoma. Mayi woyamwitsa amene bere lake latupa, latentha, likuwawa ndipo thupi likutentha amakhala ndi matenda a tizirombo kapena chithupsa cha mafinya. Chotupa chokayikitsa ndi cholimba, cha m'mphepete mosalongosoka, chosasuntha, chokoka khungu kapena nsonga, kapena chotsagana ndi madzi amagazi otuluka okha kunsonga imodzi. Komabe zala sizingagamule, ngakhale za dokotala wa zaka zambiri. Kulakwitsa koopsa kumene kumachitika m'zipatala zing'onozing'ono ndi kupereka mankhwala opha tizirombo mobwerezabwereza kwa mayi wa bere lofiira ndi lotupa, mwezi uno amoxicillin, mwezi wamawa mtundu wina, osakumbukira kuti pali khansa yaukali imene imaoneka ndendende ngati bere lotukusira. Lamulo loti wophunzira atuluke nalo ndi lalifupi: kutupa kumene sikunathe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri za mankhwala, makamaka mwa mayi amene sakuyamwitsa, ndi chotupa chilichonse chatsopano mwa mayi wopitirira zaka 30, ziyenera kutumizidwa. Amuna nawonso asaiwalidwe, pakuti pafupifupi m'modzi mwa odwala 100 a khansa ya m'mawere amakhala mwamuna, ndipo iwo amachedwa koposa poganiza kuti matendawa ndi a akazi okha.

Pakamwa pa namwino pamagwira ntchito yofanana ndi manja ake. Mayi amabwera ndi zimene wamva: kuti khansa imayamba chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo, kuti mwana analuma bere kapena anageyera pabere, kuti wina wamulodza, kuti chotupa akachikhudza ndi mpeni chimafalikira thupi lonse. Chikhulupiriro chomalizachi chili ndi pochokera pake, chifukwa anthu aona abale awo akuchitidwa opareshoni matenda atafika kale m'mapapo kapena m'mafupa, n'kumwalira patangopita miyezi, ndipo akaphatikiza ziwirizo amati mpeni ndiwo wapha. Wophunzira amene wangophunzira kuseka zikhulupiriro zotere kapena kukalipira mayi kuti munali kuti nthawi yonseyi, adzathamangitsa odwala kubwerera kwa asing'anga. Ayenera kudziwa kufunsa zimene mayiyo akuopa, kaya ndi kuchotsedwa bere, kutha kwa banja kapena ndalama ya ulendo, ndipo adziwe kuti nthawi zambiri chigamulo chopita ku chipatala chachikulu sichikhala cha mayi yekha, koma cha bambo wa kunyumba, amalume kapena apongozi, amene angafunike kuitanidwa kuti amve okha.

Mu 2021 a WHO anakhazikitsa ndondomeko yofuna kuchepetsa imfa za khansa ya m'mawere ndi 2.5 pa 100 chaka chilichonse, kuti pofika 2040 miyoyo 2.5 miliyoni ipulumuke. Anaika zolinga zitatu: kuti odwala 60 mwa 100 azipezeka matenda ali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, kuti kuyeza konse kuzitha pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba kuchipatala, ndi kuti odwala 80 mwa 100 azimaliza chithandizo chonse. Cholinga chachiwiricho ndicho chimakhudza namwino wa kumudzi mwachindunji, pakuti masiku 60 aja amayamba kuwerengedwa pa tebulo lake. Mayi achoke pa chipatala chaching'ono, apite ku chipatala chachikulu cha m'boma lake, mwina ajambulidwe sikani, adulidwe kachidutswa ka chotupa, kachidutswako kapite ku labu ya ku Blantyre kapena ya ku Kamuzu Central imene inatsegulidwa mu 2011, zotsatira zibwerere, ndipo mayiyo apezeke kuti auzidwe. Pa sitepe iliyonse munthu akhoza kutayika. Luso lofunika apa ndi la cholembera: kulemba m'kabuku ka kuchipatala bere lake ndi liti, chotupa chili mbali iti, ndi chachikulu masentimita angati, mwanabere alipo kapena ayi, kulemba kalata yotumizira yomveka, kusunga dzina ndi nambala ya foni m'kaundula, ndi kutuma mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo kukaona ngati mayiyo anapitadi. Ntchito imeneyi sioneka yapamwamba, ndipo sikawirikawiri kuiona pa mapepala oyesera nzeru za ophunzira.

Za chithandizo chenicheni wophunzira safunika kudziwa zakuya ngati dokotala, koma adziwe zokwanira kuyankha mayi wamantha. Chotupa chosapitirira masentimita 2 chimene sichinafike kukhwapa chili pa gawo loyamba, ndipo mwayi wochira ndi waukulu kwambiri. Gawo lachinayi ndi pamene matenda afalikira ku mafupa, mapapo, chiwindi kapena ubongo, ndipo pamenepo cholinga chimakhala kutalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu. Chithandizo chimaphatikiza opareshoni, mankhwala olowetsa m'mitsempha amene anthu amawatcha kemo, kuwotcha ndi makina, ndi mapiritsi monga tamoxifen amene mayi amamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kuposerapo ngati khansa yake ndi yodalira mahomoni. Kwa zaka zambiri makina owotchera khansa kunalibe m'dziko muno, ndipo odwala ochepa amene anali ndi mwayi ankatumizidwa ku Zambia, Tanzania kapena India. Mayi akabwerera kumudzi pakati pa maulendo a kemo, tsitsi litathothoka, akusanza, abale akumuuza kuti mankhwalawo ndiwo akumupha, munthu amene angamulimbikitse kubwerera kukamaliza ndi namwino wa pafupi uja, yemwenso ayenera kudziwa kuti kutentha thupi mwa wodwala wa pa kemo ndi ngozi yofuna kuthamangira nayo tsiku lomwelo.

Njira yowongolera zinthu imene ikuoneka yotheka ndi yolumikiza kupima mawere ndi ntchito zimene zilipo kale. Mayi amene wagona pa bedi kuti aunikidwe khomo la chiberekero, amene wabwera kudzabayitsa jakisoni wolerera kapena kudzatenga ma ARV, akhoza kupimidwa mawere ulendo womwewo, ndipo wophunzira amene watumizidwa m'zipinda zimenezo angapime mawere abwinobwino ambirimbiri, zimene ndizo zimaphunzitsa zala kuzindikira lachilendo likabwera. Monga momwe wophunzira uzamba salandira chilolezo asanabereketse amayi a chiwerengero choikika mphunzitsi akuona ndi kusainira, kupima mawere nakonso kungakhale ndi chiwerengero chake ndi mayeso ake ochita ndi manja. Pali chenjezo limodzi limene okonza ndondomeko sayenera kulilumpha. Anamwino akayamba kupima bwino, amayi otumizidwa ku zipatala za boma adzachuluka, ambiri a iwo ali ndi zotupa zosaopsa, ndipo ngati kumeneko kulibe wodula kachidutswa kapena zotsatira za labu zikutenga miyezi, amayiwo adzabwerera kwawo atataya ndalama ya ulendo n'kukauza anzawo kuti asadzavutike kupita. Maphunziro a m'sukulu za unamwino ayenera kuyendera limodzi ndi kukonza tsiku lodziwika la odwala mawere pa chipatala chachikulu cha m'boma lililonse, kuti wophunzira akamalemba kalata yotumizira adziwe dzina la chipinda ndi tsiku la sabata limene mayiyo akafikire.